Katoni ya ma CD 60: enieni ndi okopera ndiwasiyanitse bwanji ndisanalipire?

NyaMhango_Chibavi

Moni nonse abale. Ndili ndi kashopu ka mawayilesi ndi zimbale kuno ku Mzuzu, ndipo pali munthu akufuna kundipikulitsa katoni ya ma CD 60. Theka ndi nyimbo zakunja, gospel ya ku South Africa, rege ndi rumba. Theka linalo ndi makwaya ndi oimba akwathu konkuno. Iye akuti zonse ndi orijino. Zikuto zake n'zowala bwino ndithu, zina zikadali m'mapepala apulasitiki, koma nditatembenuza zingapo ndaona kuti kunsi zina n'zasiliva, zina zobiriwira, zina zabuluu. Wandisiyira katoniyo mpaka Lachisanu. Odziwa ndithandizeni, ndiyang'ane pati ndipo ndiyambire pati? Ndili ndi foni, tochi, ndi laputopu yakale yokhala ndi polowetsa CD. Sindikufuna kugulitsa anthu zinthu zoti mawa azibweza, komanso sindikufuna kudya thukuta la oimba.

Gondwe_Luwinga

Mayi, choyamba zipatuleni, zakunja uku, zakwathu uko, chifukwa muyeso wake si umodzi. Ine ndikambapo za zakunjazo.

Kampani yayikulu ya nyimbo sibena CD (kubena ndi kulemba nyimbo pa CD yopanda kanthu ndi kompyuta), imachita kuumbitsa ku fakitale. Kumeneko amayamba ajambula nyimbo pa galasi ndi laser, kuchokera pa galasilo amapanga chidindo cha nickel, chidindocho amachimanga m'chikombole n'kupoperamo pulasitiki yosungunuka ya polycarbonate. Timaenje tosunga nyimbo timatuluka titadindika kale. Akatero amakutira ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri, kupaka vanishi, n'kusindikiza dzina pamwamba. N'chifukwa chake kunsi kwa CD youmba kumakhala kwasiliva. CD-R, ija timagula yopanda kanthu, ili ndi utoto pakati pa pulasitiki ndi chitsulo chonyezimira, ndipo laser ya kompyuta imangopsereza utotowo. Mitundu mwaionayo ndi ya utoto umenewu: wa cyanine ndi wobiriwira mopita ku buluu, wa azo ndi wabuluu woderapo, wa phthalocyanine ndi wotuwa ngati golide wosuluka. Chimbale cha kampani yayikulu yakunja chikakhala chobiriwira kapena chabuluu kunsi, musataye nacho nthawi, chiikeni pambali.

Wovuta ndi wa phthalocyanine uja, chifukwa pa chitsulo chasiliva umangotsala pang'ono kufanana ndi CD youmba. Zimitsani magetsi, muunike ndi tochi chapambali uku mukupendeketsa CD pang'onopang'ono. CD imalembedwa kuyambira mkati kupita kunja, tsono chimbale cha mphindi 50 chobenedwa pa CD-R ya mphindi 80 chimasiya mkombero wosapsa cha m'mphepete, ndipo malire a popsa ndi posapsa amaoneka, uku koderako, uko kowalirako. Muiike pafupi ndi CD imene mukuidziwa bwino kuti ndi youmba. Zikakhala ziwiri diso limagwira msanga.

Kenaka pitani pakati. Kuzungulira chibowo pali pulasitiki yoonekera, ikangotha pali kamkombero kowala ngati kalilole. Pa CD youmba m'kamkombero kameneka mumakhala nambala ya matrix, zilembo ndi manambala zimene zinajambulidwa pa galasi lija limodzi ndi nyimbo. Zili mkati mwa CD, chikhadabo sichizimva ndipo sizifufutika. Kawirikawiri mumapezamo nambala ya katalogi ya chimbalecho, yomweyo ili pamsana pa chikuto ndi pamwamba pa CD, ndiye malo atatuwa agwirizane. Pa CD-R simupezamo kalikonse kokhudza chimbale, mumangopeza nambala yayitali ya fakitale yopanga ma CD opanda kanthu, nthawi zina yokhala ndi 80 kapena mawu akuti CD-R.

Kuyambira 1994 bungwe la makampani a nyimbo padziko lonse la IFPI ndi kampani ya Philips anakhazikitsa manambala awiri otchedwa SID olozera komwe CD yapangidwa. Nambala yoyamba ili m'kalilolemo pafupi ndi matrix, imalembedwa IFPI kenaka L ndi zilembo kapena manambala atatu; imeneyi ndi ya makina amene anajambula galasi. Yachiwiri ili pa pulasitiki yoonekera ija, IFPI ndi zilembo zinayi kapena zisanu, ndipo ndi ya chikombole. Iyi ndi yaying'ono zedi. Yatsani kamera ya foni, kuzani katatu kapena kanayi, tochi ikhale chapambali, muzunguze CD mpaka zilembozo zigwire kuwala.

Koma siliva ndi matrix sizimaliza nkhani, popeza aliko mafakitale akuba amene amaumba ma CD asiliva ndithu. Amenewa amagwidwa ndi chikuto. Iwo alibe mafayilo enieni a chikutocho, amatenga chosindikiza kale n'kuchijambula pa sikana. Chithunzi chosindikiza chimapangidwa ndi timadontho ta mitundu inayi, ndipo chikajambulidwa n'kusindikizidwanso timadonthoto timagundana, pankhope ya woimba kapena pamtambo pamatuluka timizere ngati neti ya udzudzu. Kuzani ndi kamera pa timalemba takumbuyo, paja pali ℗ ndi © ndi chaka. Pa chenicheni timalembato timakhala takuthwa, ta inki yakuda yokha. Pa chokopera timakhala tonenepa, m'mphepete mwake muli timadontho tofiira ndi tabuluu, ndipo chizindikiro cha © chimatsekeka pakati. Tsegulaninso kabuku ka mkati. Pomwe panayenera kukhala masamba 8 kapena 12 a mawu a nyimbo ndi mayina a oimba, okopera amangoikapo pepala limodzi lopinda, mkati moyera mbee.

Barcode musaidalire. Mukaijambula ndi foni n'kutulutsa chimbale china, ndiye kuti n'chabodza, koma ikatulutsa cholondola sizikutsimikizira kanthu, chifukwa imakopereka ngati chithunzi china chilichonse. Chothandiza ndi Discogs, webusaiti ya mndandanda wa zimbale: lembanimo nambala ya katalogi, mupeza zithunzi za chikuto, matrix ndi ma IFPI amene ena analemba za chimbale chomwecho. Chimbale chimodzi chimaumbidwa m'mayiko angapo, choncho mufananize ndi cha dziko lalembedwa pa chikuto chanucho.

Munthali_Katoto

A Gondwe afotokoza bwino, koma chonde mayi muyeso umenewo musauike pa zimbale zakwathu. Mutaya zenizeni n'kuwatchula akuba anthu osalakwa. Fakitale youmba ma CD siyatsa makina chifukwa cha makope 50. Galasi ndi chidindo zija zimadya ndalama, choncho kawirikawiri amafuna oda ya makope 500 kapena 1,000, kuonjezerapo mtengo wobweretsera katunduyo kuchokera kutali. Kwaya ya pa mpingo imene ikufuna makope 100 kapena 200 oti igulitse pa tsiku lokhazikitsa chimbale singazikwanitse zimenezo. Imatenga master, kope loyamba la nyimbozo, kuchokera ku studio n'kupita nayo kwa munthu wokhala ndi makina obena ambiri nthawi imodzi, aja oimirira ngati kakabati, pamwamba pali malo amodzi owerengera, pansi malo obenera 5, 7 kapena 11. Zotuluka pamenepo ndi CD-R, zabuluu kapena zobiriwira kunsi, zopanda matrix, zopanda IFPI, koma ndi zenizeni chifukwa mwini nyimbo ndi amene wazipangitsa. Pa zakwathu musafunse kuti yaumbidwa kapena yabenedwa. Mufunse kuti, kodi mwini wake akuidziwa?

Poyambira ndi sitika ya hologram ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso limene linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989 (lamulo likugwira ntchito panopa ndi la 2016). Hologram yeniyeni mukaipendeketsa mitundu imayenda ndipo chithunzi chimasintha. Yojambula pa sikana n'kusindikizira limodzi ndi chikuto imangokhala yotuwa, siyenda, ndipo mukapititsapo chala simumva m'mphepete mwa sitika chifukwa palibe chimene chamatidwa. Ena amadula kapepala konyezimira kokutira mphatso; kamawala ndithu, koma mulibe chizindikiro cha bungwe. Ena amamatula sitika yeniyeni pa chikuto chakale, ndiye mumaiona ndi makwinya, ngodya yotukuka, ndi fumbi lomatirira ku guluu m'mbali. Masitika akakhala ndi manambala, yalani makope onse a chimbale chimodzi pa tebulo. Nambala imodzi ikapezeka pa makope awiri, pamenepo pakopedwa. Chopanda sitika musathamangire kuchiweruza, komanso musachiike pa shelefu musanafunse.

Ndipo kufunsako n'kophweka, imbani foni. Zikuto zambiri zakwathu zimakhala ndi nambala ya woimba, ya tcheyamani wa kwaya kapena ya studio. Afunseni kuti anapanga makope angati, anapatsa ndani kuti azigulitsa kuno ku Mpoto, ndiponso pamwamba pa CD yawo anasindikizapo bwanji. Kenaka atumizireni zithunzi pa WhatsApp, CD mbali zonse ziwiri, chikuto kutsogolo ndi kumbuyo. Mwini amachidziwa chake pongochiona. Okopera ochenjera amaidziwa njira imeneyi, n'chifukwa chake amafufuta nambala ya foni kapena kuidula. Chikuto chimene pansi pake pakuoneka kuti mzere wa malemba wadulidwa, kapena pali kabokosi ka mtundu wosiyana pang'ono pamalo pomwe pakanakhala nambala, muchikayikire.

Onaninso ngati makope akufanana. Oda imodzi imabenedwa tsiku limodzi pa mulu umodzi wa ma CD-R, ndiye utoto kunsi umakhala umodzi, manambala a pakati amafanana maonekedwe, kusindikiza kwa pamwamba n'kumodzi. Mukapeza makope 6 a chimbale chimodzi, awiri abuluu, atatu obiriwira, imodzi dzina la kampani ya ma CD likuonekera pansi pa pepala lomata, dziwani kuti wina amabena imodziimodzi ndi chilichonse wachipeza m'dirowa.

Mudzitetezenso inuyo. Lamulo siliyang'ana wobena yekha, kugulitsa makope opangidwa popanda chilolezo nakonso ndi mlandu ndipo katundu amatha kulandidwa. Wopikulitsayo akulembereni lisiti yokhala ndi dzina lake, nambala yake ya foni, ndi mndandanda wa zimbale ndi kuchuluka kwa chilichonse.

Kamanga_Mchengautuwa

Amama, laputopu yanuyo ithetsa mkangano wa siliva m'mphindi imodzi, bola polowetsa CD pakhale potha kubena. CD-R iliyonse imachoka ku fakitale ili ndi kanjira kozungulira kolondolera laser, ndipo m'kanjirako munalembedwa uthenga wotchedwa ATIP wonena amene anaipanga ndi kutalika kwake. Wobena sangaufufute. Ikani pulogalamu ya ImgBurn, ndi yaulere, lowetsani CD, sankhani Read, muwerenge bokosi la kumanja. Mukaona ATIP Information, nambala yoyamba ndi 97m, ndi dzina ngati CMC Magnetics, Ritek kapena Moser Baer, imeneyo ndi CD-R ngakhale iwale motani. Youmba ilibe ATIP, pulogalamuyo imangoitchula kuti CD-ROM.

Mukatero itseguleni pa Windows muone mafayilo. CD ya nyimbo imaonetsa Track01.cda, Track02.cda, mpaka kumapeto, iliyonse ya 1 KB. Mukaona mafayilo a mp3, imeneyo ndi CD ya data, ndipo wayilesi zakale siziiwerenga. Izi mutha kuzidziwa ngakhale pa chikuto. CD imanyamula mphindi pafupifupi 80 basi, ndiko kuti nyimbo 15 kapena 18 za msinkhu wamba. Chikuto cholonjeza nyimbo 120 ndi cha MP3, chifukwa pa 128 kbps (muyeso wa ubwino wa MP3) mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB, ndiye mu 700 MB mumalowa maola oposa 11. Zimenezo ndi zotoleratolera za wobena, si chimbale cha woimba.

Pali ma CD ena oonetsa .cda bwinobwino koma nyimbo zake zinachokera ku MP3. Wokopera amatsitsa pa intaneti kapena kutenga m'flash, n'kubena ngati CD ya nyimbo. Zimene MP3 inataya sizibwerera. Koperani nyimbo imodzi ngati fayilo ya WAV ndi pulogalamu ya Exact Audio Copy kapena Windows Media Player, muitsegule mu pulogalamu ya Spek. Pamatuluka chithunzi cha mitundumitundu, manambala a kHz osonyeza kukwera kwa mawu ali m'mbali. CD imatenga mawu ka 44,100 pa sekondi, choncho imatha kusunga mpaka 22 kHz, ndipo pa chojambula chabwino mitundu imakwera mpaka pamwamba n'kumazirala pang'onopang'ono. Yochokera ku MP3 ya 128 kbps imaduka cha pa 16 kHz, mzere wowongoka ngati wometa ndi lumo, pamwamba pake pakuda bii. Ya 320 kbps imaduka cha pa 20 kHz. Muyeso uwu ndi wamphamvu pa zakunja. Pa zakwathu usakhale wokha, chifukwa zimachitika kuti studio yapereka MP3 kwa mwini nyimbo ndipo iye wabenetsa yomweyo osadziwa.

Khutu nalonso limagwira ntchito. Mapulogalamu ambiri obenera amaika masekondi 2 a chete pakati pa nyimbo ngati munthu sanasinthe. Pa chimbale chojambulidwa pamaso pa anthu, monga gospel yambiri ya ku South Africa, kuomba m'manja kumayenera kupitirira kulowa m'nyimbo yotsatira. Mukamva kwaduka, zii, kenaka n'kuyambanso, si mmene chinatulukira. Mverani ngati nyimbo ina ikufuula ina ikunong'ona, ngati chiyambi chadulidwa, kapena ngati mukumveka dzina la DJ kapena la wayilesi.

Poyesa musamvere nyimbo yoyamba yokha, lumphirani ku ziwiri zomaliza. Zimenezo zili m'mphepete, kumene utoto wa ma CD-R otchipa sukhala wofanana bwino ndiponso kumene makina obena pa 48x kapena 52x amakhala akuthamanga kwambiri. CD yobenedwa mothamanga imayamba kudumphira kumeneko. Odziwa ntchito amabena nyimbo pa 16x kapena kutsika. Ndipo muyesere mu wayilesi ya m'nyumba ndi ya m'galimoto, osati mu laputopu mokha, chifukwa laputopu imawerenga zambiri zimene wayilesi imakana.

NyaMhango_Chibavi

Yewo chomene nonse. Ndayesa monga mwanenera. Mwa zakunja 30, 21 ndi CD-R, ndipo ziwiri mwa izo zinkaoneka zasiliva koma ImgBurn yaonetsa ATIP. Zotsala 9 ndi zoumba. Mwa izo, 6 zili ndi matrix ndi ma IFPI onse awiri, zikuto zakuthwa, koma kunsi n'zokandikakandika ngakhale zinali m'pulasitiki. Zina 3 zili ndi matrix koma IFPI palibe. Zaka za pa zikuto ndi 1989, 1992 ndi 2005. Kumbali ya zakwathu, makwaya awiri avomera kuti ndi zawo, woimba mmodzi wakana, ndipo manambala ena a foni sakupezeka. Zambiri zili ndi pepala lomata pamwamba. A Gondwe, zitatu zija ndizitani? A Munthali, nanga za pepalazi?

Gondwe_Luwinga

Za 1989 ndi 1992 zilibe mlandu pa nkhani ya IFPI, chifukwa manambalawo anali asanayambe. Ziweruzeni ndi chikuto ndi Discogs basi. Mungodziwa kuti chaka cha pa ℗ ndi chaka chimene nyimbo zinatuluka koyamba, osati chimene CD inaumbidwa, ndiye chimbale cha 1989 chokhala ndi IFPI musachidabwe, ndi choumbidwanso pambuyo pake.

Cha 2005 ndi chimene chikufunika diso. Si fakitale iliyonse inkaika manambalawa, koma pofika chaka chimenecho makampani akuluakulu ankaumbitsa kumafakitale owaika. Unikaninso pa pulasitiki yoonekera ija. Mukaona malo opalidwa, osungunuka, kapena kachigamba kotuwa pamalo pomwe pakanakhala zilembo, ndiye kuti nambala inachita kuchotsedwa dala. Muonenso matrix yake: ikakhala dzina la chimbale lokha, yopanda nambala ya katalogi, ndipo ikusiyana ndi zonse zili pa Discogs, ibwezeni.

Zisanu ndi chimodzi zokandika zija n'zenizeni koma si zatsopano, ndi kaunjika wovekedwa pulasitiki. Pulasitiki ya ku fakitale kawirikawiri imapindidwa m'mbali ngati ya pa paketi ya ndudu. Yongokulunga ndi makina otenthetsa imakhala ndi msoko wosungunuka m'mbali ndi makwinya m'ngodya. Onaninso timano togwira CD pakati pa kabokosi, pa zakale timakhala totholoka. Mutha kuzigula, koma pa mtengo wa zakale, ndipo ogula muwauze. Musanalipire, iliyonse muikweze ku kuwala kwa tochi kumbuyo kwake. Zokandika kunsi zimapukutika, koma mukaona timabowo tolowa kuwala, kwakandika ndi pamwamba, ndipo nyimbo zili pansi penipeni pa vanishi ndi utoto wa dzina. Pamenepo palibe chokonza.

Munthali_Katoto

Pepala lomata palokha silisonyeza kuba, makwaya ambiri amaligwiritsa ntchito chifukwa ndi lotchipa kusiyana ndi kusindikiza pa CD penipeni. Vuto lake ndi nyengo yathu ino. Chinyezi cha Mzuzu chimalowa m'pepala, dzuwa likawala limauma n'kukokana, ndipo CD imapindika pang'ono kapena pepala limatukuka m'mphepete. Lotukukalo limakodwa mu wayilesi za m'galimoto zija zongomeza CD. Musayese kulimatula, limachoka ndi chitsulo chonyezimira ndipo nyimbo zimapita nalo. Likamatidwa mopendekera CD imanjenjemera ikamazungulira, mumva wayilesi ikulira ngati njuchi.

Za makwaya awiri avomerawo tengani, koma musankhe makope amene pepala lagona bwino ndipo lili pakatikati. Muzisunge choimika m'mabokosi ake, kutali ndi khoma lonyowa ndiponso kutali ndi zenera, popeza dzuwa limasulutsa utoto wa CD-R. Pa shelefu ya panja muziikapo chikuto chokha. Za woimba wakanayo, mufunseni ngati akufuna zithunzi ndi kuchuluka kwa makope kuti akadandaule ku COSOMA. Za manambala osapezeka, funsani ku mpingo walembedwa pa chikuto kapena ku studio imene inajambula, ndipo ngati pofika Lachisanu simunapeze wozivomera, zibwerere m'katoni limodzi ndi 21 zija.